Botolo ndi la Ana, Kakapu ndi Kanu

Chaka chachitatu chibwerere kuchokera ku Malawi

Amene anayamba kundibweretsera nkhani ya ntchito imeneyi ndi akumadre anga a Anasitaziya, omwe ananyamula mwana wanga Tome paubatizo. Iwo ankagulitsa tomato wa kwathu ku Angónia pamsika wa m'tauni, ndipo nkhani iliyonse ya mu Tete inkayamba yapuma pabenchi pawo isanapite kwina. Tsiku limenelo anaoloka mlatho wapansi, dzuwa lili paliwombo, n'kundipeza kwathu ku Matundo ndikuchapa matewera a Luiza.

"Akumadre, tasiyani zimenezo. Kumsewu wa ku Moatize kuli bwana watsegula fabirika ya zakumwa, akufuna mayi wotsuka mabotolo. Wasukulu sakumufuna, akufuna wa manja oyera."

"Ine ndipite ndi kapulana yong'ambikayi?"

Anamasula nsalu yawo yapamwamba n'kundimanga nayo okha ngati mwana. "Mubweze mawa. Ndipo mukakafika musakayambe ndi kudandaula mavuto, aliyense ali nawo ake."

Ana anga, inu amene mudzawerenge izi, dziwani kuti nthawi imeneyo tinalibe kanthu. Zaka za nkhondo tinakhala ku Dedza, ndipo mtendere utabwera bambo anu a Zakariya anati tisabwerere kumudzi, tiyese m'tauni. Iwo ankakhoma mipando pansi pa mtengo wa masau, sabata ina kugulitsa umodzi, ina osagulitsa. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, Chipwitikizi changa chinali cha moni ndi zikomo basi. Eni fabirikayo anali bwana Albano, munthu wamfupi, wadazi, kansalu kopukutira thukuta kali paphewa nthawi zonse. Sanandifunse ngakhale dzina. Anandipatsa botolo lodzaza fumbi nati, "Tsuka." Nditatsuka analikweza kudzuwa, n'kumalitembenuza ngati akufuna kuonamo mzinda wa Beira. Kenako anati, "Lolemba, seti ora," kutanthauza 7 koloko m'mawa. Ndinatuluka, ndipo ndisanapite kunyumba ndinalowa kaye m'tchalitchi kukagwada. Ndinangoti, Ambuye, mwandiona.

Zaka za pathanki, pamphika ndi kudepoziti

Pathanki yotsukira ndinakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka zala zinang'aluka ndi sopo. Tinkapanga zakumwa za lalanje ndi za nanazi. Madzi ake onunkhira ankachokera kutali m'zigubu, ife n'kumasakaniza ndi madzi a shuga. Bwana Albano ankakalipa kuyambira m'mawa, koma ukali wawo sunkafika madzulo. Chaka china lole la shuga linaleka kubwera kwa milungu ingapo. Tinadziwa kuti ntchito ikasowa atibweza kunyumba popanda malipiro, choncho tinkatsuka mabotolo otsukatsuka kale, kuwaumitsa, mawa lake kuwatsukanso. Tsiku lachinayi bwana anaima pakhomo n'kutiyang'ana nthawi yaitali.

"Roza, botolo ilo ndikulidziwa. Dzulo linali loyera, dzana linali loyera."

"Bwana, fumbi la ku Matundo silipuma."

Anapukuta dazi lawo n'kubwerera mu ofesi, ndipo mwezi utatha tonse tinalandira. Mpaka lero ndimawatchula pakolona.

Kenako anandiika pamphika, kuphika madzi a shuga. Magetsi akazima tinkasonkha nkhuni panja, moto pansi, dzuwa pamwamba, ife pakati. Marta, mwana wathu wachitatu, atayamba sukulu ananditumiza kutsidya, kudepoziti yathu yosungirako zakumwa m'dera la Francisco Manyanga, kumene eni mabaraka ndi maloja, timashopu ta kuno, ankabwera kudzatenga makireti. Kumeneko ndiko ndinaphunzira Chinyungwe, komanso mtima wa munthu wogulitsa. Iye amakonda katundu wotuluka yekha, wofuna kukankhidwa samufuna. Kudepoziti kunali mpando, mthunzi ndi chokupizira mphepo chapadenga, ndipo ndinadziuza kuti pano mpomwe ndidzakalambire.

Julyu, chaka cha malambe

Bwana Albano atayamba kuyenda ndi ndodo, mwana wawo wamkazi anabwerako ku Beira kumene ankaphunzira za malonda. Ine ndinamudziwa ali kamtsikana kosewera ndi zitsekerero za mabotolo, koma tsopano tonse tinkati Dona Selesite. Iwo ndiwo anabwera ndi ganizo lopanga chakumwa cha malambe, chimene kuno timati sumo. Anati n'chifukwa chiyani tikudikira zigubu zakutali pamene milambe yatizungulira mbali zonse. Analemba amayi asanu ndi atatu oswa malambe, kusefa ufa wake, kuviika ndi kukuntha. Ambiri anali amasiye. Mmodzi anali Jasinta, mwana wa akumadre, amene mwamuna wake anapita kumigodi osabweranso, n'kumusiyira mapasa.

Bwana sanasangalale nazo. Anaitana Dona Selesite ndi ine mu ofesi, poti ine ndinkadziwana ndi ogulitsa, n'kuponya envelopi imodzi patebulo.

"Ndalama zolengezera katundu wanu ndi izi. Envelopi iyi ilibe mng'ono wake. Mvula yoyamba ikagwa sumo wanuyo asakudzigulitsa yekha, ndikutseka, amayi aja azipita kwawo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinachoka kudepoziti n'kumathandiza za sumo. Theka la envelopi Dona Selesite anasindikizira mapepala ku Beira. Anali okongola, sindingakane: mlambe waukulu, mtsikana wovala magalasi akuda atanyamula botolo, ndi mawu a Chipwitikizi. Tinamata m'makoma, pamitengo ya magetsi ndi pokwerera shapa, maminibasi a kuno. Koma wosindikiza wa ku Beira sankalidziwa dzuwa la kuno. Patatha milungu itatu mtsikana uja anayera mbuu ngati mzukwa, ndipo mapepala amene tinamata m'munsi anadyedwa ndi mbuzi, poti tinamatira phala la chinangwa. Tsiku lina ndinapeza tonde ataimirira ndi miyendo iwiri akumaliza magalasi a mtsikanayo. Ndinaseka ndekha pamsewu mpaka misozi, kenako ndinakumbukira Jasinta, kuseka n'kutha.

Vuto lalikulu silinali mbuzi. Anthu ankangoti, "Malambe? Omwewa ana athu amatola kutchire? Nawonso alowa m'botolo?" Ndinapita kwa a Jemusi, Mnyungwe wa baraka yaikulu ku Mpadue, kasitomala wathu wakale. Ndinapeza kireti yathu ili pansi, pakona, kutali ndi jeleira yoziziritsira zakumwa, pamwamba pake atasanjika nsapato.

"A Jemusi, muli tani? Bwanji sumo wathu simunamuike mujeleira?"

"Mama Roza, jeleira yanga ndi imodzi. Mowa ndiwo umalipira magetsi. Malambe anuwo anazolowera kutentha, anakulira padzuwa."

Ndinatsekula botolo limodzi n'kulawa. Sumo wa malambe akatentha amalemera ngati phala la mwana. Ine ndemwe, wopanga, sindinalimalize.

Setembulo

Ganizo la basela linali langa, ndipo kulakwa kwake kunalinso kwanga. Inu ana a masiku ano mumagula m'masitolo momwe chilichonse n'chomata, mwina simudziwa. Pamsika ukagula mulu wa tomato, wogulitsa amaonjezerapo mmodzi kapena awiri pamwamba, kuti mawa udzabwerenso. Ameneyo ndiye basela. Ndinauza Dona Selesite kuti wailesi ndi yodula, koma amayi a pamsika ndi anzanga, ambiri ndi a kwathu ku Angónia ndi ku Tsangano. Tiwapatse zigubu za sumo wozizira ndi timakapu, aliyense wogula tomato, kabichi kapena mbatatesi amwe kakapu ngati basela. Akalawa adzafuna botolo. Dona Selesite anaomba m'manja. Akumadre nditawauza anandiyang'ana pang'ono, ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti, "Bweretsani."

Sabata yoyamba kumsika kunali ngati ukwati. Anthu ankaima mzere pabenchi ya akumadre, ena kugula tomato kawiri tsiku limodzi kuti amwe kawiri. Ine ndinkayenda pakati pa mabenchi mtima uli m'mwamba, ndikuthokoza Mayi Maria. Sabata yachitatu tinabweretsa makireti kuti tsopano agule. Mayi wina ananyamula botolo, nafunsa mtengo, n'kulibweza msangamsanga ngati lamuotcha.

"Kugula? Si madzi a tomato aja mumapereka ulere?"

Ndiye dzina limene anamupatsa sumo wathu, madzi a tomato. Msika wonse unamudziwa, msika wonse unamukonda, koma palibe ankaona chifukwa chotulutsira ndalama pa chinthu chimene chimabwera chokha ukagula ndiwo. Makireti anabwerera ku Matundo monga anapitira. Bwana Albano anandiitanitsa. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

"Roza, wagwira ntchito yotamandika. Ndamva kuti tomato yense wa ku Angónia watha, alimi akuvina. Tandiuza, kodi ine ndimalima tomato?"

Ndinayang'ana pansi. Kuseri kwa khoma ndinkamva amayi aja akuswa malambe, ko, ko, ko, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Sankadziwa kanthu.

Otubulo

Lachisanu lina Dona Selesite ananditengera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa fabirika. Maso awo anali ofiira.

"Mama Roza, papai akuti mubwerere kudepoziti, mukakhale wamkulu wa kumeneko mpaka mudzapume. Zotsala mu envelopi zikwana wailesi sabata imodzi. Ndiyesa zimenezo, zikakanika basi. Inu musamire nafe, mwatumikira nthawi yaitali."

Ndinapempha kuti andipatse mpaka Lolemba. Kunena zoona, mpando uja ndi chokupizira mphepo chija ndinkazilakalaka. Msana unali utayamba kale kundivuta, ndipo Bento, chitsiriza wathu, anali asanamalize sukulu.

Lamulungu titatuluka Misa ndinakwera shapa kupita ku Mpadue kwa akumadre. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, mapasa a Jasinta akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika lichero pansi.

"Akumadre, inu munakulira kuti? Munaonapo munthu wagula tomato, basela n'kumupatsa usipa?"

"Ayi."

"Basela wa tomato ndi tomato. Basela wa makala ndi makala. Amaikidwa pamwamba pa chomwe munthu wagula, atalipira kale, iye akuona ndi maso ake dzanja lako likuonjezera. Inu munatenga katundu wanu n'kumusandutsa wantchito wa tomato wanga. Ndani angalipire wantchito wa mnzake?"

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku lomwe lija?"

"Aa! Tomato wanga akuyenda chonchija, pakamwa pakanatseguka bwanji?"

Tinaseka mpaka nyemba kutayika. Koma kenako anayang'ana adzukulu awo pabwalo, nkhope n'kugwa. Anati sankadziwa kuti ntchito ya Jasinta yapachikika pamenepo, akanadziwa akanandibweza ndi zigubu zanga. Ndinawafunsa kuti nanga botolo lotsekedwa ndi makina ungaliikire bwanji basela pamwamba. Anati zimenezo ndi za ife a kufabirika, iwo amadziwa tomato.

Yankho ndinalipeza mushapa pobwerera. Pambali panga panakhala mayi wina wooneka kuti akuchokera kuganyu yochapa, manja ake ali otuwa ngati anga. Pokwerera anagula botolo la zakumwa zozizira kudzera pawindo. Sanalitsekule. Analigunditsa patsaya, kenako pakhosi, atatsinzina, n'kuliika m'thumba. Milomo yake inali youma gwa.

"Amayi, simumwa? Kutenthatu uku."

"Ine ndimwe, ana ndikawauze chiyani?"

Shapa inali pamlatho, Zambezi ali phee pansi pathu, ndipo ine ndinagwira pakamwa. Ndinakumbukira mabotolo amene bwana ankatipatsa pa Natale, Khirisimasi ija, chaka ndi chaka. Onse ndinkabwera nawo kwa inu, ine n'kumangolawa zotsalira pansi Tome akaiwala kumaliza. Mayi akagula botolo, si lake. Ndiye basela wake akhale wake, womwera pomwepo, woti sangamuike m'thumba.

Nditafika ndinauza bambo anu kuti kudepoziti sindipita. Anasiya kupala thabwa.

"Amake Tome, mwapemphera?"

"Ndapemphera."

"Ayankha?"

"Sanayankhe, koma sanakanenso."

Nditawafotokozera zokagulitsa sumo pamlatho m'mabokosi a jelo, madzi oundana aja, anafunsa kuti mabokosiwo ndi aakulu bwanji, kuti ayambe kuyeza matabwa a tingolo tokankhira.

Lolemba ndinauza Dona Selesite kuti wailesi aisiye. Zotsala mu envelopi tigulire mabokosi anayi osunga kuzizira, ngakhale akale, jelo wa tsiku ndi tsiku, majagi ndi mabeseni otsukira makapu. Tikaime mbali zonse ziwiri za mlatho, pokwerera shapa, kuyambira masana mpaka anthu ataweruka. Wogula botolo, atalipira, timuthirire kakapu kozizira amwe pomwepo. Wosagula asalawe.

"Mama Roza, mukudziwa kuti kudepoziti papai aikako wina sabata ino? Zikakanika mudzatuluka pageti limodzi ndi amayi aja."

"Ndikudziwa, mwanangu. Ine pageti limenelo ndinalowa ndi kapulana yobwereka kwa amake Jasinta."

Ku msika ndinapita ndekha kukatenga zigubu zathu. Amayi a tomato anandizungulira, wina mpaka anati ndayamba kunyada chifukwa ndimagwira kwa bwana. Akumadre anaimirira pabenchi pawo n'kukuwa, "Mwamwa mwezi wathunthu, mukufuna mpaka mumere masamba a mlambe? Siyani zigubu za eni ake!" Anazisiya, koma ena anakhala osandipatsa moni mpaka Pasaka.

Novembulo

Tinagawana awiriawiri. Ine ndinali ndi Jasinta kumbali ya m'tauni, pamene anthu a ku Matundo amadikira shapa. Lamulo langa linali limodzi, kapu iliyonse itsukidwe ndi sopo n'kutsukuluzidwa kawiri, wogula akuona. Zaka zisanu ndi ziwiri za pathanki sizinapite pachabe. Tsiku loyamba tinaima ngati mitengo. Jasinta anali wamanyazi, ine mawu okuwira malonda ndinalibe. Bambo wina wa chikwama chakuda anabwera n'kutambasula dzanja.

"Madzi a tomato aja? Thirani kakapu."

"Pepani bambo, kakapu kalibe miyendo. Kamabwera katabelekedwa ndi botolo."

Anachoka akung'ung'udza. Dzuwa litapendeka anafika mayi wina wosenza thumba la makala, mwana kumsana, wina akumukoka kapulana akuloza bokosi lathu. Anamasula mfundo ya nsalu n'kugula botolo limodzi, naliika m'kathumba kam'manja monga ndinkayembekezera. Atatembenuka kuti azipita ndinamuitana.

"Amayi, taimani. Botolo ndi la ana, kakapu ndi kanu."

Anandiyang'ana mokayika. Ndinathira kuchokera mujagi, jelo akulira m'kati, n'kumupatsa ndi manja awiri. Anafuna kupatsa mwana uja. Ndinati ayi, iyeyo lake lili m'thumba, aka n'ka amake. Anamwa pang'onopang'ono, thumba la makala likadali pamutu, maso atatsinzina. Atamaliza anapukuta pakamwa nathokoza m'Chinyungwe, "Ndatenda. Kodi ndi malambe omwewa?" Ndinati omwewo, a kwathu konkuno. Mawa lake anabwera ndi anzake awiri.

Mawu aja sindinawakonzekere, anangotuluka, koma Jasinta anawagwira n'kuyamba kuwakuwa, manyazi onse atathawa. Pofika Lachisanu makobradori, aja oitanira anthu pakhomo la shapa, anawatenga ngati nthabwala. Shapa ikamaima wina ankakuwa, "Matundo, Matundo! Botolo la ana, kakapu kanu, mpando wa dalaivala!" Anthu n'kumaseka, maso n'kumatembenukira kwa ife. Amayi anayi ankatha kutsika shapa imodzi, kugula, kumwa chiimire, n'kukweranso isananyamuke. Abambo nawo anayamba, poyamba mwamanyazi, akumati akugulira akazi awo, koma kakapu sankakakana. Dona Selesite anabwera tsiku lina n'kuima patali kumvetsera. Anandinong'oneza kuti wailesi ikanatilankhulira sabata imodzi, koma awa akutilankhulira tsiku lonse pa mlatho popanda kuwalipira. Ndinati tiwalipire ndithu, kobradori akagula botolo kakapu kake tizidzaza mpaka m'milomo.

Koma mitambo inali itayamba kusonkhana kumbali ya Moatize, ndipo bwana anali asananene kanthu. Apa ndiulule tchimo limene ndinakaulula kale kwa abambo mfumu. Ine mwana wa mlimi, m'dziko limene aliyense amalirira mvula, ndinkadzuka m'mawa n'kupemphera kuti, Ambuye, mvula yanu ndi yabwino, koma iyambe yagwa ku Angónia kumene kuli minda, kuno ichedweko sabata imodzi. Abambo mfumu kuseri kwa kansalu ndikuganiza kuti ankadziletsa kuseka. Anandifunsa ngati ndinapempha kuti isagwe konse. Ndinati ayi, ichedwe chabe. Anati ndikanene Tikuoneni Maria katatu, ndipo nyengo ndiwasiyire Eni ake.

Sabata yachitatu, m'mawa tikulongedza jelo, pageti panaima njinga yamoto. Anali a Jemusi.

"Mama Roza, mwandiyambitsira mlandu. Amayi a ku Mpadue akuti ana akulirira sumo wa pamlatho. Ndipatseni makireti atatu."

"Mukaika pansi pa nsapato?"

"Mowa ndausuntha kale. Mundipatsenso jagi, akuti popanda kakapu sagula."

Bwana Albano anali pawindo la ofesi. Anaona zonse, koma anangotseka katani.

Mvula inagwa Lachinayi masana. Tinali titangobwera kufabirika kudzatenga makireti ena, poti oyamba anatha msanga. Inayamba ndi mphepo ya fumbi, kenako madontho akuluakulu pamalata. Amayi onse anasiya ntchito. Jasinta anandigwira dzanja, lake likuzizira ngati jelo. Tinamva ndodo, go, go, go, ndipo bwana anatulukira pakhomo la chipinda chathu. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anayang'ana pakona pamene makireti osagulidwa ankaunjikana. Panali pansi pokhapokha.

"Mukundiyang'ana chiyani? Matumba a malambe akunyowa panjapo, mukufuna ndikalowetse ine?"

Tinathamangira panja tonse, kulimbirana matumba. Tikubwerera titanyowa, anali akadali pompo.

"Mawa seti ora. Ndipo Roza, funa amayi ena awiri. A manja oyera."

Ana anga, sindinavinepo pamvula chikhalire, koma tsiku limenelo ndinavina, ine mayi wa ana anayi, msana wowawa ndi zonse. Amayi analulutira mpaka alonda a fabirika yoyandikana nayo anabwera kudzasuzumira. Dona Selesite anavula nsapato zawo za ku Beira n'kulowa m'matope nafe. Bwana ankangopukusa mutu pakhomo, akupukuta nkhope ndi kansalu kaja, ngakhale kuti tsiku limenelo kunalibe thukuta.

Chaka chatha

Kudepoziti sindinabwererenso. Ndinakhala woyang'anira amayi a malambe mpaka tsiku lopuma, ndipo mpando wokhala ndi chokupizira mphepo sindinaupeze, koma sindidandaula. Bwana Albano anatisiya patapita zaka zinayi, Mulungu awalandire. Mapasa a Jasinta tsopano ali kusekondale, ndipo Jasinta ndiye analowa m'malo mwanga. Ena atengera nzeru ya kakapu, mumaona okha pokwerera shapa, ndipo ine ndimasangalala, chifukwa mayi aliyense womwa pamenepo ndi mayi amene kale akanafika kunyumba kukhosi kuli gwa.

Tsiku londitsanzika anakonza mipando pansi pa mtengo wa mango uja. Akumadre anabwera atatsamira mkono wa Jasinta, maondo awo sakuwalolanso kuoloka mlatho wapansi. Dona Selesite analankhula mawu ambiri abwino amene sindingawabwereze, kenako anandipatsa phukusi la makapulana awiri atsopano. Imodzi ndinaimasula pomwepo n'kuwamanga nayo akumadre, monga anandimangira ine pamalo ochapira paja. Anati, "Mwachedwa nayo, koma ndalandira." Anthu anaomba m'manja, mwambo unkaoneka ngati watha. Pamenepo amayi a malambe anakuwa onse pamodzi, "Basela! Basela!"

Dona Selesite anamwetulira, natulutsa kuseri kwa mpando kakapu kobiriwira kong'aluka m'mphepete, kamodzi ka tija tinayamba nato pamlatho. Anakasunga zaka zonsezi mu ofesi. Anathira sumo wozizira mpaka m'milomo n'kundipatsa ndi manja awiri. Adzukulu anga atatu anali pamiyendo panga, maso onse pakapu, ndipo dzanja langa linayamba lokha kutsikira kwa wamng'ono. Jasinta analigwira.

"Ayi amayi. Awa makireti awo ali apo. Aka n'kanu."

Ndinamwa konse, mpaka dontho lomaliza, adzukulu akuonerera. Kanali kokoma kuposa zonse zimene ndinapanga m'fabirika muja.

Ndalemba izi kuti mudziwe kumene sukulu yanu inachokera, ndiponso kuti Mulungu sanatisiye ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene ine ndinalakwitsa. Inu nonse amene kope ili lidzafike m'manja mwanu, mukamagwada mutikumbukire ife a banja la a Zakariya a ku Matundo: bambo amene maso ayamba kuwavuta koma sakufuna kusiya kupala matabwa, Tome ndi banja lake, Luiza, Marta, Bento amene akufunafuna ntchito, ndi adzukulu onse. Ndipo mukamaliza, musanadzuke, muikepo pamwamba akumadre anga a Anasitaziya ndi maondo awo.